Tili ndi masiku asanu ndi ka Sienta, tipite kunyanja, pachilumba kapena kokaona nyama?

Funso lachokera kwa bambo wina wa kwa Wimbe kuno ku Kasungu: "Ine ndi mayi akunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili pa banja mu Ogasiti, ndipo chikwatiraneni sitinapiteko kokayenda. Fodya wanga watuluka ku Chinkhoma, kangachepe ndapatula. Pa Facebook ndimaona zithunzi za maloji akunyanja, ena apachilumba, ena a m'nkhalango za nyama koma mitengo amalemba m'madola. Kodi malo amenewa ndi a azungu okhaokha? Tili ndi masiku asanu ndi ka Sienta, tipite kuti?"

Achimwene, zaka 10 si masewera, mundiperekere moni kwa alamu athuwo. Malo amenewo si a azungu okha ayi, koma mtengo umene mukuuona pa Facebook nthawi zambiri si wanu, ndiye tiyambire pamenepo chifukwa anthu ambiri amangoona $ n'kutseka foni basi ulendo wathera pomwepo.

Maloji ambiri akunyanja ndi a m'nkhalango ali ndi mitengo iwiri, wina wa alendo ochokera kunja wina wa anthu okhala m'dziko muno, umene pa ntchito yathu timati resident rate. Wachiwiriwu kawirikawiri saulemba poyera, umachita kufunsa. Si chifundo ayi, ndi bizinesi. Bedi la pa loji lili ngati tomato pamsika, likapanda kugulidwa lero ndiye latayika, silingasungidwe kudikira mawa, pomwe antchito alipo kale, jenereta ikulira kale, khitchini yayaka kale moto. Ndiye mwini loji amalolera kuti inu mugone pa mtengo wotsika kusiyana n'kuti chipinda chigone chokha. Mukamaimba foni muyambe n'kunena kuti ndinu Mmalawi ndipo mukufuna resident rate, ndipo ID musaiwale kunyamula chifukwa amaifunsa. Pa geti la malo osungira nyama ndi chimodzimodzi, Mmalawi amalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo, ndipo amalipira m'makwacha.

Koma pali misampha iwiri itatu pa mitengo imeneyi. Mtengo umene alembawo kawirikawiri ndi wa munthu mmodzi usiku umodzi, mukugona awiri m'chipinda, ndiye inu ndi alamu muchulukitse kawiri. Kenako mufunse kuti muli chiyani m'kati mwake. Pali bed and breakfast, kumeneko ndi kugona ndi kadzutsa basi, nkhomaliro ndi mgonero muzilipira panokha ndipo pa maloji ena mbale imodzi ya chambo ndi tchipisi imaluma zedi. Pali full board, zakudya zonse zitatu. Makampu a m'tchire odula aja amaphatikiza ndi game drive, ulendo wokaona nyama pa galimoto, kapena ulendo wa pa boti, ndiye mtengo ukaoneka waukulu musathawe musanawerengere, nthawi zina wotchipa uja ukaphatikiza zonse umapitirira wodula. Mufunsenso ngati VAT ndi tourism levy, msonkho wa zokopa alendo, zili kale m'kati, ndi ndalama ya pa geti, chifukwa imeneyo amawerenga pa munthu pa tsiku ndipo galimoto nayo ili ndi yake. Ndipo ndi mmene nkhani ya forex ilili kuno kwathu, akakuuzani mtengo m'madola muwafunse kuti dola akuiwerengera pa zingati, akulembereni chiwerengero chonse m'makwacha pa WhatsApp. Zoti mukamve tsiku lonyamuka mutaima pa risepushoni ndi zikwama m'manja zimawononga ulendo wonse.

Tsopano kopita. Ine ndikanakhala inu, Mangochi ndi Cape Maclear ndikanaziika pambali kaye. Si kuti n'koipa, koma kuchokera kwa Wimbe ndi tsiku lathunthu pamsewu kupita, lina kubwerera, pa masiku asanu mwataya awiri ndi mafuta ambirimbiri. Anthu akuno timaiwala kuti nyanja tili nayo pafupi. Msewu wa M18 ukuchoka pa boma kudutsa cha ku Mtunthama, Malomo, n'kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kukatulukira ku boma la Nkhotakota, ndi makilomita osafika 150, ndipo msewu umodzi womwewo ukukupatsani tchire la nyama ndi nyanja pa ulendo umodzi. Chigawo cha m'nkhalangocho ndiye chimavuta, ndi zitunda ndi makhotamakhota, ndiye musananyamuke mukafunse madalaivala a pa depoti amene amayenda njira imeneyo tsiku ndi tsiku kuti panopa uli bwanji, amakuuzani zoona kuposa intaneti. Ogasiti n'kouma, Sienta ikhoza kudutsa bola modekha ndipo musadzaze katundu mpaka kukhala pansi. Mudutse masana, osati usiku, ndipo mukakumana ndi njovu pamsewu muime patali, osaliza hutala, osatuluka kukajambula, izo zikatha zochita zake zipatuka zokha.

Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Inali itatha nyama chifukwa cha opha mozemba mpaka bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pamodzi ndi nyama zina ngati njati ndi mphalapala. Malo ogona alipo osiyana thumba. Tongole ndi yodula, ya anthu a ma honeymoon a madola aja, ngakhale kufunsa resident rate sikulipiritsa. Bua River Lodge ili m'mbali mwa mtsinje wa Bua, mumalowera ku M5 kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndipo palinso Rafiki kufupi ndi malire a nkhalango. Koma ndikuuzeni zoona zake kuti musakandidandaule. Nkhotakota si malo oti nyama zili mbwee ngati pa TV. Ndi nkhalango yowirira, mitengo yokhayokha, njovu ikhoza kukhala mamita 30 kuchokera pamene mwaima inu osaiona, mumangomva nthambi ikuthyoka kuti phwa, ndi fungo la ndowe zatsopano. Kukoma kwake ndi kuyenda wapansi m'mawa ndi renja wa mfuti, akukusonyezani mapazi pa mchenga, pamene njovu inakhula khungwa, ng'ona itayanika msana pa mwala m'mbali mwa Bua, mtsinje womwe uja umene mpasa zimakwera kukaswana. Ngati alamu ndi munthu wokonda bata adzakondwa. Ngati akufuna kuona mkango tsiku loyamba lomwelo, ndiye werengani m'munsimu za Luangwa.

Usiku umodzi kapena uwiri m'tchire wakwana, kenako tsikirani kunyanja. Kum'mwera kwa boma la Nkhotakota kuli maloji angapo pa mchenga, cha ku Sani ndi Nkhotakota Pottery Lodge kumene amaumba ndi kuwotcha mbale ndi makapu, alamu akhoza kugulako za pakhomo. Kumpoto, mukadutsa Dwangwa ndi minda ya nzimbe ija, kuli Ngala, kenako Kande ndi Chintheche kumene mchenga wake ndi woyera ndipo kwa ine ndi gombe lokongola kuposa la Salima. Pa boma la Nkhotakota penipeni mukaime pa mtengo wa mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860, ndi mphindi zochepa chabe, ndipo Chia Lagoon ili pa M5 kum'mwera kwa bomalo, chambo chapamsewu chimapezeka.

Posankha loji ya kunyanja musadalire chithunzi. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, madzi analowa m'maloji ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota komwe, ndipo malo ena mchenga umene uli pa chithunzi unamira, ena zipinda zapatsogolo zinawonongeka. Auzeni akutumizireni kavidiyo ka sabata yomweyo, ka chipinda chimene mugonemo, bafa yake ndi gombe. Loji yabwino sikana zimenezo. Mufunse ngati chipinda chili ndi neti ya udzudzu yosabooka, ngati madzi otentha alipo, ndi kuti magetsi akazima amayatsa jenereta mpaka nthawi yanji. China chimene anthu safunsa n'chakuti kumapeto kwa sabata kuli ukwati kapena workshop kapena ayi. Ndinaonapo banja litalipira chipinda chodula kuti likapume, n'kupeza kuti Loweruka limenelo pali phwando la kampani, ma spika aakulu pansi pa zenera lawo mpaka 3 koloko m'mawa. Ngati mungathe, pitani Lolemba mpaka Lachisanu, kumakhala phee ndipo mtengo umakambika. Mwayi wanu ndi wakuti Ogasiti si nthawi ya Khrisimasi, Pasaka kapena Mother's Day ya pa 15 Okutobala pamene Lilongwe yense amakhamukira ku Senga Bay.

Za pachilumba ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi zimene zimakopa kwambiri pa zithunzi. Zilumba zimene zili ndi malo ogona odziwika ndi Nankoma, chimodzi cha zilumba za Maleri kufupi ndi Senga Bay kumene kuli Blue Zebra, ndiye Mumbo ndi Domwe kufupi ndi Cape Maclear, ndi Likoma ndi Chizumulu kumpoto. Maleri, Mumbo ndi Domwe zili m'kati mwa Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha tinsomba ta mbuna, ndiye kumenekonso pali ndalama ya paki pa tsiku. Madzi ake ndi oyera moti ukavala magalasi a m'madzi aja n'kuviika nkhope, timbuna tabuluu, tachikasu, tamizeremizere tikudya ndere pa miyala pafupi ndi chala chako, sitikuthawa n'komwe. Zimenezo n'zoona, sindikuwonjezera.

Koma chilumba chimadula pa zifukwa zomveka. Chilichonse, kuyambira mazira, gasi wophikira, mabotolo a madzi mpaka mapepala a kuchimbudzi, chimabwera pa boti, ndipo zinyalala zimabwerera pa boti. Zipinda ndi zochepa, magetsi ndi a sola. Ndipo mukafika mwafika, palibe golosale, palibe koti mukadye nsima yotchipa kuseri, mtengo wa Fanta ndi umene anena iwowo. Pa Mumbo palibe mudzi, ndi matenti ndi tinyumba ta matabwa ndi udzu pamwamba pa miyala, madzi osamba amachita kukutenthetserani n'kuthira mu ndowa yopachika. Azungu amalipira madola ambiri kuti asambe mu ndowa, inu wa kwa Wimbe mukhoza kukaseka nokha. Domwe ndi yotsikirako chifukwa mukhoza kunyamula zakudya zanu n'kumaphika. Ndiye pali nkhani ya mphepo. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala kumawomba mwera, ndipo ukakwiya nyanja imachita mafunde moti asodzi enieniwo sapita. Kwa munthu amene sanakwerepo boti, kuwoloka pa mwera ndi chinthu choti alamu akhoza kukukumbutsani mpaka zaka 20 za banja. Amene amadziwa amawolotsa m'mawa kusanayambe kuwomba. Laifi jaketi muvale ngakhale ena akuseka, ndipo woyendetsa boti akati lero sitipita, musamukakamize ndi ndalama.

Likoma ndi nkhani ina, ndi chilumba cha anthu, chili ndi midzi, msika, milambe ikuluikulu ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Anglican chimene anayamba kumanga mu 1903. Chili m'madzi a mbali ya Mozambique koma ndi Malawi, pasipoti sikufunika. Kuli Kaya Mawa ya odya bwino, Mango Drift ya thumba ngati lathu, ndi malo ena ang'onoang'ono. Vuto ndi kafikidwe. Sitima ya Ilala, imene yakhala pa nyanjayi kuyambira 1951, imadutsa kamodzi pa sabata kupita kumpoto ndi kamodzi kubwerera, ndipo nthawi yake si ya wotchi, ikhoza kuchedwa maola ambiri kapena kukhala pa sevisi. Pali maboti ena ochokera ku Nkhata Bay ndi tindege tating'ono tochokera ku Lilongwe, koma tindegeto ndi fodya wa chaka chonse. Ndi masiku asanu Likoma musayese, mudzapite mukadzakhala ndi sabata ndi theka. Ngati mtima wakakamira pa chilumba ulendo uno, Nankoma ndiye yapafupi kwa ife, mudzera M1, n'kukhota njira ya Dowa yotulukira pa Chezi kuti musalowe m'tauni ya Lilongwe, kenako Salima ndi Senga Bay. Kapena njira yotchipa, gonani kumtunda n'kuchita hayala boti la tsiku limodzi, mukasambe ndi mbuna, muone nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba imene aiponyera, madzulo mubwerere kukagona pa mtengo wanu.

Ndisaiwale pakhomo pathu pomwe. Kasungu National Park ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, masikweya kilomita opitirira 2,300, ndipo anthu ambiri a pa boma anabadwa n'kukalamba osalowamo. Geti la Lisitu lili kumadzulo kwa boma, ndipo m'kati muli Lifupa, loji ya m'mbali mwa damu m'mene mumakhala mvuu. Mu Julayi 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi kwa abale athu a m'malire mwa paki, cha kwa Chulu ndi mbali ya Zambia, si yosangalatsa, njovu zawononga minda ndipo anthu afa, ndiye sindiikamba ngati nkhani ya tchuthi chabe. Koma kwa mlendo, miyezi ya chilimwe madambo akauma nyama zimabwera kudzamwa pa damu paja, mumangokhala pakhonde madzulo mvuu zikufwenthera, mwamwayi gulu la njovu n'kutulukira m'mitengo. Ine ndinganene kuti Lifupa musaiwonongere masiku asanu anuwa, ili pafupi, mudzapite Loweruka lina ndi ana omwe. Muimbiretu foni kufunsa za chakudya, nthawi zina alendo akakhala ochepa ndi bwino kunyamula zanu.

Ngati cholinga chenicheni ndi kuona nyama zambiri, mikango, akambuku, ndiye pali njira ziwiri. Liwonde, kumene Mvuu Camp ili m'mbali mwa Shire ndipo ulendo wa pa boti umakufikitsani pafupi ndi mvuu, ng'ona ndi njovu zikusamba, mikango anaibwezeramo mu 2018 ndipo zipembere zilimo, koma ndi kutali kwa ife, Majete ndiye kutali kwambiri. Njira yachiwiri, imene anzathu a ku Mchinji amaidziwa bwino, ndi South Luangwa ku Zambia. M18 yomweyi mukaitsata chakumadzulo ikukutulutsani pa Kamwendo, ndiye Mchinji, boda ya Mwami, Chipata, kenako makilomita pafupifupi 130 a tara kukafika ku Mfuwe. Mmalawi safuna viza ku Zambia koma pasipoti ikhale yosatha, ndipo anthu akumeneko mukalankhula Chichewa mumvana bwinobwino. Kunja kwa geti, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, kuli makampu ngati Croc Valley, Marula ndi Wildlife Camp amene mitengo yake munthu wamba akhoza kuyesa, ndipo pa geti anthu a m'maiko a SADC ali ndi mtengo wawo. Kumeneko amalola game drive ya usiku ndi nyali, n'chifukwa chake akambuku amaoneka kawirikawiri, ndipo njovu zimadutsa pakati pa matenti, mvuu zimadya udzu pakhomo pa chipinda usiku moti ukafuna kutuluka umaitana mlonda. Chimene chimatopetsa ndi kuwolotsa galimoto, mapepala a umwini, chilolezo cha apolisi, inshuwalansi ya COMESA yellow card ndi timisonkho ta mbali inayo, zikaphatikizana ndi ndalama ndithu. Ambiri amasiya galimoto pamalo otetezeka ku Mchinji n'kukwera matakisi mpaka Chipata ndi Mfuwe, m'pakimo mumayenda pa galimoto ya kampu. Ogasiti ndi nthawi yabwino, Okutobala chigwa chija chimatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Koma mukasankha Luangwa ndiye nyanja mwaisiya, zonse ziwiri pa masiku asanu sizingatheke.

Zathanzi mwachidule. Ku Nkhotakota, Kasungu ndi Luangwa kuli akashembe, amaluma ngati singano ndipo ena amapereka matenda a kaodzera, ndiye m'tchire musavale zakuda kapena zabuluu chifukwa ndi zimene zimawakopa, valani za khaki kapena zotuwa, za mikono yaitali. Mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi, malungo akapanda kupezeka, muwauze achipatala kuti munali m'nkhalango. Kunyanja kuli likodzo makamaka pa madzi odekha, a bango, pafupi ndi pamene anthu amachapa ndi kusamba, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo achipatala akuuzani nthawi yomwera, kawirikawiri pakadutsa masabata angapo. Osasambira usiku kapena pa mathiriro a mtsinje, ng'ona zimakonda pamenepo, funsani eni malo kuti posambira ndi pati.

Ndiye ndondomeko imene ndingakupatseni ndi iyi. Lolemba m'mawa nyamukani mutadzaza thanki pa boma la Kasungu, chifukwa mafuta sadziwika, ndipo mukapeza pa Nkhotakota muthirenso ngakhale thanki ili theka. Mugone m'mbali mwa Bua Lolemba, Lachiwiri m'mawa muyende ndi renja, masana mutsikire kunyanja, mugone Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi pa loji imodzi osasamukasamuka, Lachisanu kubwerera dzuwa likadalipo. Ndalama mugawe kuti usiku umodzi wa m'tchire ndi umene udye kwambiri, kunyanja mutenge chipinda chapakati, ndipo musunge ina yosakhudza ya teyala kapena makaniko. Kashi munyamuleko chifukwa netiweki m'tchire imasowa ndipo makina a khadi amakana, pamwamba pake kangachepe ka renja ndi anyamata onyamula zikwama.

Pobuka samalani ndi ma peji abodza, alipo amene amatenga zithunzi za loji yeniyeni n'kuika nambala yawo. Nambala muitenge pa webusaiti ya loji kapena kwa munthu amene anagonako, muimbe mulankhule ndi munthu, akutumizireni invoice yokhala ndi dzina la loji, madeti, mtundu wa chipinda ndi zonse zimene zili m'kati. Dipoziti ipite ku akaunti ya kampani kapena nambala ya bizinesi imene dzina lake likutuluka la loji, ikatuluka dzina la munthu pa Airtel Money kapena Mpamba muimbenso kufunsa kaye musanatumize. Mufunsenso kuti mutasintha tsiku chifukwa cha maliro kapena matenda dipoziti imabwerera kapena amangokusunthirani deti, ndipo yankho lake likhale lolemba. Makampu a m'tchire zipinda ndi zochepa ndipo Ogasiti ndi mwezi umene alendo akunja amachuluka, ndiye foni ya ku Bua muimbe sabata ino, ya kunyanja ikhoza kudikira pang'ono.